Kuona mkati mwa mtengo ndi X-ray yonyamulika

Makina otulutsa cheza cha X-ray aikidwe mbali imodzi ya thunthu kapena mtanda wa denga. Chimbale cholandira chithunzi chikhale mbali inayo, chogundana ndi mtengowo, chifukwa chikatalikira chithunzi chimachita chimbuuzi. Pomwe chiswe chadya kapena pomwe pawola, cheza chimadutsa mosavuta ndipo pamaoneka pakuda. Misomali ndi mfundo zimawala.

Chithunzi chimodzi sichionetsa kuya kwa mphako, choncho jambulaninso mutazungulira madigiri 90.

Vuto lalikulu ndi madzi. Mphako yodzaza madzi kapena dothi la chiswe imatchinga cheza ngati mtengo wabwinobwino. Pamtengo wauwisi musadalire X-ray yokha, gogodaninso ndi nyundo mumve kulira kwake.

Pojambula imani patali, osati kumbuyo kwa chimbale. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya cheza imatsika kanayi.