Geji ya mafuta ndi ya kutentha zikanama limodzi

Mtima wakhala pansi tsopano, nkhani ya voltage stabiliser ya Smiths yandilowa. Kachipangizoka, kamene kamapezeka m'magalimoto akale monga MGB, Mini ndi Triumph Spitfire, ntchito yake ndi kupereka magetsi a 10V ku geji ya mafuta ndi ya kutentha, koma sikatulutsa 10V yokhazikika ayi. Kamangolumikiza ndi kudula magetsi onse a batire. Mkati muli kachitsulo kopyapyala ka zitsulo ziwiri zomatana, kokulungidwa ndi waya wotenthetsa. Kakatentha kamapindika, mapointi olumikizira magetsi n'kutseguka. Kakazizira kamabwerera, n'kugwiranso. Geji ya mafuta ndi ya kutentha nazonso zimayendera kutenthedwa, ndipo n'zaulesi, choncho kudukizaku sizikuona. Zimangomva ngati zikulandira 10V. Za Ford ndi Chrysler zimagwira chimodzimodzi, koma pa 5V.

Ukagwira mfundo imeneyi, zizindikiro zonse zimamveka zokha. Waya wotenthetsa uja umamalizira pa chikopa cha kachipangizoko, chomwe chimagwira bodi kudzera pa sikuluwu yomangira. Pakachita dzimbiri pamenepo, waya sutentha, mapointi satseguka, ndipo geji zimamwa 12V mpaka 14V mosalekeza. Mivi yonse iwiri imakwera limodzi: thanki yooneka yodzadza, injini yooneka ngati ikuwira. Mapointi akamatirira, zotsatira zake n'zomwezo. Akapsa osagwiranso, mivi yonse imagona pansi. Muvi umodzi wokha ukamanama, kayang'aneni sender yake, kachipangizo koyeza mafuta m'thanki kapena kutentha kwa injini.

Chondinyansa n'choti ophunzitsa ambiri amangoti "yezani muone 10V," munthu n'kutenga mita ya digito, manambala n'kumangodumpha, basi n'kutaya chinthu chabwinobwino. Kwa ine babu yoyezera ndiye mankhwala. Kiyi ili pa on, ikani babu pakati pa bodi ndi polumikizira waya polembedwa I, potulukira magetsi opita ku geji. Ikamaphethira, kali moyo. Ikangoyaka osaphethira, yambani mwapala pomangira paja musanagule china. Ikapanda kuyaka, onani ngati magetsi akufika polembedwa B, polowera magetsi ochokera ku batire.

Kusintha kwake sikovuta. Chotsani waya wa batire kaye, kuseri kwa dashibodi kuli mawaya amoyo osatetezedwa. Nthawi zambiri kachipangizoka kamakhala kumbuyo kwa spidomita. Waya wobiriwira umapita pa B, wobiriwira mopepuka pa I, ndipo mbali yolembedwa TOP iyang'ane kumwamba.

Ambiri masiku ano m'malo mwa kakale kaja amaikamo kachipu kokhazikitsa magetsi kotchedwa 7810, kapena 7805 pa za 5V, ndi makapasita a 0.33µF polowera ndi 0.1µF potulukira. Chenjerani ndi galimoto za positive earth, zomwe mbali ya + ya batire ndiyo imalumikizidwa ku bodi, zimafuna kachipu kakekake. 7805 imatentha kwambiri, imafuna chitsulo chomwazira kutentha. Pamene ndikadali njakata ndi pa 7810: imafuna pafupifupi 12V polowera kuti isunge 10V, ndiye batire ikafooka geji zimatsika, pomwe kakale kaja kamangotalikitsa nthawi yogwira mapointi. Pakati pa ziwirizi, sindinasankhebe.