Tabuleti yanga inakanirira pa logo, ndinaidzutsa osafufuta kanthu

Tabuleti yanga ya Android inafika poti ukaiyatsa, dzina la kampani likuoneka bwinobwino pasikirini, kenako basi, yaima pomwepo. Nthawi zina inkathima yokha n'kuyakanso, n'kudzaimanso pa logo yomweyo, kumangozungulira choncho mpaka kumbuyo kwake kutentha. Okonza zipangizozi vutoli amalitchula kuti boot loop. Aliyense amene ndinamufotokozera anali ndi yankho limodzi: "Ingoifomatani." Koma m'katimo munali zithunzi ndi mafayilo a ntchito amene sanali kwina kulikonse, choncho kufomata ndinakuika kumapeto kwenikweni. Ndinayamba ndi zinthu zimene sizifufuta kanthu, ndipo nanunso ndikukulangizani kuyambira komweko.

Ntchito yoyamba inali kuizimitsa, ndipo si yophweka monga ikumvekera. Tabuleti ikaima pa logo, kudina batani loyatsira kamodzi sikuthandiza, chifukwa pulogalamu imene imamva kudinako imakhala isanayambe n'komwe kugwira ntchito. Batire nalo ndi lomatidwa m'kati, simungalizule ngati mmene tinkachitira ndi mafoni akale. Ndinaligwira batanilo osalisiya, masekondi pafupifupi 30, mpaka sikirini inada. Pa matabuleti ena, monga a Samsung, mumagwira batani loyatsira limodzi ndi lochepetsera voliyumu kwa masekondi oposa 7. Musanatero vulani chikuto, mudine mabatani onse limodzilimodzi n'kumva ngati akubwerera. Batani loyatsira likakanirira m'kati, kaya chifukwa cha litsiro kapena chikuto chothina, tabuleti imangoona ngati munthu akuizimitsa n'kuiyatsa, ndipo vuto lonse likhoza kukhala lomwelo.

Kenako ndinaganizira za moto. Anthu ambiri sitepe iyi amailumpha, poti sikirini ikuwala ndiye amati batire lili bwino. Koma nthawi imene tabuleti ikuyaka ndi imene imadya moto wambiri, chifukwa purosesa imakhala ikuthamanga ndi mphamvu zake zonse. Batire lofooka limakwanitsa kuwalitsa logo, koma likafika pokweza katundu yense limagwa, tabuleti n'kuthima n'kuyambiranso. Tchaja nayonso ili ndi mbali yake. Ndinawerenga timalemba tating'ono ta pamutu pa tchaja imene ndinkagwiritsa ntchito, ndipo panalembedwa 5V 1A, yoyenera foni yaing'ono. Matabuleti ambiri amafuna ya 2A kapena kuposa. Kutchajira pa kompyuta ndiye kwabodza, chifukwa bowo wamba la USB 2.0 limangotulutsa 500 mA, theka chabe la 1A. Ndinapeza tchaja yamphamvu ndi chingwe china, n'kutokosa bowo lotchajira ndi kamtengo kotokosera m'mano. Munatuluka kathonje kotuwa, kolimba chifukwa chokankhidwa ndi chingwe kwa nthawi yaitali. Singano kapena waya ayi, mungagunditse tizitsulo ta m'katimo. Ndinaisiya pamoto ili yozima kupitirira ola.

Itayakanso, inakaima pa logo pomwe paja.

Ndinaizimitsanso n'kutulutsa memori khadi. Khadi lowonongeka limatha kuchedwetsa kapena kuimitsa kuyaka, chifukwa tabuleti imalimbana nalo kuti iliwerenge. Apa pali msampha umodzi. Ngati khadilo munalikonza kuti likhale mbali ya malo a m'kati mwa tabuleti, zimene Android inayamba kulola kuchokera pa 6.0, ndiye kuti ndi lokiyidwa ndipo limangomvana ndi tabuleti yomweyo. Mukaliika pa kompyuta, idzakuuzani kuti likufunika kufomatidwa. Musavomere. Lisungeni pambali basi. Langa linali khadi wamba, ndipo kulichotsa sikunasinthe kanthu.

Chotsatira chinali Safe mode. Imeneyi ndi njira yoyatsira tabuleti ndi mapulogalamu okhawo amene inabwera nawo, ena onse amene munaikamo nokha atagonekedwa. Pa matabuleti ambiri mumaiyatsa, logo ikangotulukira n'kugwira batani lochepetsera voliyumu mpaka itamaliza kuyaka, ndipo zikatheka mawu akuti Safe mode amaoneka pakona ya m'munsi. Chala chinachita kuwawa ndili chigwirire, koma tabuleti sinadutse pa logo.

Ndiye ndinalowa mu Recovery, ndipo apa ndi pamene pamafunika mutu uli m'malo. Recovery ndi kapulogalamu kakang'ono kokhala pakokha, kosadalira Android yaikuluyo, n'chifukwa chake kamatseguka ngakhale zina zonse zitakana. Tabuleti ili yozimiratu, ndinagwira batani loyatsira ndi lokwezera voliyumu nthawi imodzi, logo itaoneka n'kusiya. Chovuta chake n'chakuti tabuleti imene ikungozungulira sikupatsani mpata woti izime. Nzeru yake ndi iyi: izimitseni mokakamiza, ndipo sikirini ikangoda, nthawi yomweyo samutsirani chala pa batani lokwezera voliyumu. Mukachedwa pang'ono yakutsogolerani, muyambirenso. Matabuleti ena atsopano salowa mu Recovery pokhapokha atalumikizidwa ku kompyuta ndi chingwe, choncho ikakana yesaninso ili pachingwe.

Pasikirini panabwera kachidole ka Android katagona chagada, pamimba potsegula, ndi mawu akuti No command. Chithunzi chimenechi chimaopsa, ndipo ambiri akachiona amaganiza kuti tabuleti yafa. Sinafe, ikungodikira. Gwirani batani loyatsira, mudine lokwezera voliyumu kamodzi, n'kusiya onse. Pamenepo pamatuluka mndandanda wa timalemba tating'onoting'ono pasikirini yakuda. Kukhudza sikirini nthawi zambiri sikugwira ntchito muno. Mumayenda ndi mabatani a voliyumu, n'kusankha ndi batani loyatsira.

Pamndandandawo pali mizere iwiri yoyandikana, yonse yoyamba ndi mawu ofanana. Umodzi umati Wipe data/factory reset, wina Wipe cache partition. Woyambawo umasesa chilichonse, zithunzi, mafayilo, mauthenga, osasiya kanthu. Wachiwiriwo umangochotsa timafayilo tongoyembekezera timene dongosolo la Android limasunga, makamaka totsalira pa apudeti, ndipo zinthu zanu sizikhudzidwa. Kudina kumodzi kopitirira n'kokwanira kukufikitsani pamzere wolakwika. Ndinayandikitsa tabuleti kumaso, n'kuwerenga mzere umene unali ndi mkombero mobwereza, ndisanadine. Inafunsa ngati ndikutsimikiza, ndinasankha Yes, ndipo m'masekondi ochepa m'munsi munalembedwa kuti zatha. Kenako Reboot system now. Mukapeza kuti mzere wa cache palibe pa tabuleti yanu, musadabwe. Zipangizo zina za Android 7.0 kupita m'tsogolo zimalandira apudeti m'njira ina ndipo gawo limeneli zilibe. Zikatero ingosankhani Reboot, musakhudze mzere winawo.

Tsopano panafunika kudekha. Logo inabweranso n'kukhala nthawi yaitali, moti dzanja linkachita kuyabwa kufuna kuizimitsa. Koma tabuleti imene yangochokera ku apudeti kapena ku Recovery imatha kutenga mphindi 10 kapena 15 ikukonza mapulogalamu ake mobisa, ndipo kuidula pakati kumangowonjezera mavuto. Ndinaisiya pamoto n'kukachita zina. Pobwera ndinapeza sikirini ikufunsa PIN.

Chimwemwe sichinakhalitse. Nditangotsegula, inayamba kuyenda mokoka, panabwera uthenga wakuti malo osungira atha, kenako inathima yokha. Komabe inali itaonetsa kuti ikhoza kudutsa pa logo, ndiye ndinayesanso Safe mode. Ulendo uno inalowa.

Ikakulolani kulowa choncho, musayambe ndi kufufuza chimene chavuta. Yambani ndi kupulumutsa katundu, chifukwa simukudziwa ngati khomolo lidzatsegukenso. Matabuleti a masiku ano amakiya zonse zimene zili m'kati, ndipo kiyi wake amatuluka pokhapokha tabuleti itayaka inu n'kulowetsa PIN. N'chifukwa chake ngakhale katswiri savomera msanga kuti akuchotserani zithunzi mu tabuleti yosayaka. Ndinailumikiza ku kompyuta, n'kukoka kansalu ka mauthenga pamwamba, n'kusintha kuchoka pa kutchaja kupita pa File transfer. Ndinakopera foda ya DCIM, mmene mumakhala zithunzi za kamera, kenako Download ndi Documents, ndi Pictures. Ndinatsegulako mafayilo angapo pa kompyutapo kuti ndione kuti afikadi amoyo.

Zitatha izo m'pamene ndinalowa mu Settings kukaona malo. Otsala sankafika ngakhale 200 MB. Android imafuna malo opumira, chifukwa nthawi iliyonse imene ikuyaka imalemba timafayilo tatsopano, ndipo ikasowa polemba imapunthwa. Zili ngati chipinda chimene chadzaza katundu mpaka chitseko chikulephera kutseguka. Odya malo kwambiri anali mavidiyo obwera okha kuchokera m'magulu ochezera, amene ambiri sindinawaonerepo, ndi mafilimu akale amene anali atakopedwa kale pa kompyuta. Ndinawafufuta mpaka malo otsala anapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Ndinachotsanso pulogalamu ina imene ndinali nditaikamo chaposachedwa kuchokera pa fayilo ya APK (fayilo yoikira mapulogalamu pa Android), ya mtundu uja wolonjeza kuthamangitsa tabuleti ndi kusunga batire. Mapulogalamu otere ine sindiwakhulupirira. Amadziyambitsa okha tabuleti ikangoyaka, amapempha zilolezo zambirimbiri, ndipo ntchito imene amati amagwira Android imaigwira kale yokha. Lamulo lake n'losavuta: ngati tabuleti ikuyenda bwino mu Safe mode koma ikugwa mukaiyatsa mwa masiku onse, wolakwa ali pakati pa mapulogalamu amene munaikamo, ndipo muyambire pa amene analowa komaliza.

Ndinaizimitsa n'kuiyatsa mwa masiku onse. Inadutsa pa logo mosavuta, ndipo yakhala ikuyenda bwino kuchokera pamenepo. Khadi ndinalibwezeramo pambuyo pake, nditaona kuti yakhazikika.

Zikanakanika, chotsatira chinali kufomata kuja, ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndinali nditakonzeratu. Kuyambira pa Android 5.1, ya mu 2015, tabuleti imene yafomatidwa kudzera mu Recovery imafunsa akaunti ya Google imene inalimo kale, ndipo popanda imelo ndi pasiwedi yake simupita patsogolo. Chitetezochi amachitchula FRP, ndipo cholinga chake n'chakuti wakuba asapindule. Koma chimagwiranso eni ake amene anachita kutsegulitsa akaunti kwa munthu wina n'kuiwala pasiwedi, kapena amene anagula tabuleti yogwiritsidwapo kale ntchito akaunti ya mwini wake woyamba ikadalimo. Choncho musanasankhe mzere uja, lowani mu akauntiyo pa foni kapena kompyuta muone ngati pasiwedi ikugwira. Ngati mwachita kuisintha, dikirani maola 24 musanafomate, monga mmene Google imalangizira.

Kufomata kukalephera, chotsala ndi kufulasha, kutanthauza kuikamonso dongosolo lonse kuchokera pa kompyuta. Za Samsung amagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Odin, ndipo zambiri zokhala ndi purosesa ya MediaTek amagwiritsa ntchito SP Flash Tool. Fayilo yake iyenera kufanana ndendende ndi nambala ya mtundu wa tabuleti yanu, imene imalembedwa kumbuyo kapena pa bokosi. Chilembo chimodzi chikasiyana, mukhoza kutsala ndi tabuleti yosaonetsa ngakhale logo ija. Apa ine ndikanaipereka kwa munthu amene ntchitoyi ndi yake, nditamuuza momveka bwino kuti zonse zimene zili m'kati ndakopera kale kapena ayi.

Amene muli ndi iPad, njira yake ikufanana, mabatani okha ndi amene akusiyana. Yokhala ndi batani la Home mumagwira batanilo limodzi ndi la pamwamba mpaka chizindikiro cha Apple chioneke. Yopanda Home mumadina mwachangu batani la voliyumu loyandikana ndi la pamwamba, kenako linzake, n'kugwira la pamwamba osalisiya. Ikakanirirabe, ilumikizeni ku kompyuta, mugwire mabatani omwewo mpaka paoneke chithunzi cha chingwe ndi kompyuta. Kompyutayo idzakupatsani Update ndi Restore. Sankhani Update, imene imaikamonso dongosolo osafufuta zanu. Kukopera dongosololi pa intaneti kukapitirira mphindi 15, iPad imatuluka yokha m'chigawo chimenechi, ndipo mumadikira kuti kuthe n'kuilowetsanso. Restore ndi kufomata, ndipo pambuyo pake idzafuna akaunti yanu ya Apple.

Pali zizindikiro zina zimene mabatani sangathandize. Mukaona m'munsi mwa Recovery mizere yofiira yonena kuti failed to mount /data, ndipo ikubwerabe ngakhale mutafomata, nthawi zambiri ndiye kuti tchipu yosungira zinthu yatopa, ndipo imeneyo ndi yowotcherera pa bodi ya m'kati mwa tabuleti. Mukaona sikirini yatukuka mbali imodzi kapena kumbuyo kwatupa, ndiye kuti batire lafufuma. Ichotseni pamoto nthawi yomweyo, musaikanikize kuti ibwerere m'malo, musaiboole, ndipo muiike pamalo osayaka moto kufikira batirelo litasinthidwa.