Tsiku Limene Utsi Unandiulula

Kwa zaka ziwiri zathunthu, aliyense amene ankandipatsa moni ankamva za nyumba yomwe tinkamanga, ya mtundu wa Passivhaus, imene imasunga yokha kutentha moti siidya magetsi ambiri. Ndinkafotokoza za nyumba yoyamba yotereyi yomwe inamangidwa ku Darmstadt m'dziko la Germany mu 1991, ndipo dzina la Wolfgang Feist, katswiri amene anaiyambitsa, ndinkalitchula pafupipafupi ngati ndi malume anga. Mkazi wanga analoweza zonse: makoma ochindikala, mawindo a magalasi atatu, ndi makina amene amalanda kutentha kwa mpweya wotuluka n'kukupatsira wolowa.

Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha nyumbayo ilibe mpata wolowera mphepo, n'chifukwa chake mmisiri anatha masabata angapo akumata tepi paliponse pamene panakumana zinthu ziwiri, ine ndili pambuyo pake kumulangiza.

Tsiku loyeza litafika, woyezayo anamangirira chifani chachikulu pakhomo n'kuyamba kukoka mpweya wa m'nyumba mpaka mphamvu ya mpweya wa mkati ndi wa kunja inasiyana ndi mapasikalo 50 (pasikalo ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya). Lamulo ndi lakuti mpweya wolowera m'mipata pa ola limodzi usapitirire 0.6 ya mpweya wonse wa m'nyumbamo. Yathu inapitirira kutalitali.

Ndinatembenukira mmisiri uja n'kumukalipira pamaso pa anthu onse, ndipo ndikuvomereza kuti mawu ndinali nawo okwanira. Woyezayo sanayankhepo kanthu, anangoyatsa kachipangizo kotulutsa utsi n'kuyamba kuzungulira nako. Pamawindo utsi unakwera bwinobwino, pasiling'i chimodzimodzi, koma atafika pachitseko cha kuseri, unabalalika ngati wauziridwa ndi munthu. Pansi pake kachitseko kolowera mphaka kanali kakupeperuka, kali pheee, pheee.

Kabowoko ndinacheka ndekha ndi sowo Lamlungu madzulo, ana atandichonderera, ndipo ndinaikapo dengu la zovala kuti ndidzaulule nthawi yabwino ikadzakwana.

"Bwana," anatero mmisiriyo mwaulemu woboola mtima, "pepani kuti apa sindinamatepo, pakuti Lachisanu panalibe bowo."

Mkazi wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Abambo, kodi malume anu a ku Darmstadt aja nawonso ankaweta mphaka?"

Tinagula chitseko china, ndinalipira woyezayo kachiwiri, ndipo nyumba inakhoza. Mphakayo, amene pakabowopo sanadutsepo ngakhale kamodzi, mpaka lero amalira pakhomo la kumaso usiku uliwonse, ndipo banja linagwirizana kuti wodzuka kukamutsegulira ndine.