Lipoti la ulendo wathu wokaona kalasi ya ana a mkaka ku Katete

Kwa anzathu amene simunathe kupita nafe, nali lipoti la ulendo umene gulu lathu la aphunzitsi a ECE (makalasi a ana aang'ono amene sanayambe Grade 1) a m'zoni yathu muno mu Chipata tinayenda mu Novembala, temu yachitatu isanatseke. Tinapita pasukulu ina ya boma ya kumudzi m'boma la Katete, imene tinamva mbiri yake kuti kalasi ya ana aang'ono ili ndi zipangizo zambiri, koma zogula m'sitolo n'zowerengeka. Funso lathu linali lakuti Januwale akafika, ana atadzaza kalasi, tiyambira pati?

Nonse mukudziwa pamene funsoli likuchokera. Chiyambire 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu kuyambira ECE mpaka Grade 12, ana amabwera ochuluka kuposa mphasa zathu. Ndalama ya grant, imene boma limapereka yoyendetsera sukulu, ikagawidwa sukulu yonse, yofika kwa ife sikwanira ngakhale makrayoni a temu imodzi. Komanso silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025 inayambira kwa ife pamodzi ndi Grade 1 ndi Form 1, ndipo imafuna kuti mwana azigwira zinthu ndi manja, asamangobwereza zimene mphunzitsi wanena.

Tinanyamukira ku Kapata m'mamawa pa minibasi imene tinasonkherana, n'kutsata msewu wa Great East. Tinadutsa pa Mtenguleni, minda ili yogaula kale, anthu akungodikira mvula. Titapatuka pa tala, fumbi linatiphimba ndithu, moti tinafika tili mbuu. A hedi anatilandira pansi pa mtengo wa mango, ndipo atatha malonje anatipereka m'manja mwa amayi amene amaphunzitsa kalasiyo.

Chimene chinayamba kundigwira mtima m'kalasimo n'chakuti palibe chopachikidwa pamwamba. Zithunzi, zilembo, manambala, zonse zili pamene mwana wa zaka zinayi angafikire ataimirira. Khoma lakumwamba lili mbee. Ambirife timakhoma matchati athu okongola pafupi ndi denga, ati kuopa kuti ana awang'amba, ndiye amene amawaona bwino ndi akuluakulu ochokera ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma lathu, akabwera kudzayendera. Mnzathu wina anafunsa kuti, "Nanga Amayi, sakung'ambirani?" Iwo anaseka, nati, "Amang'amba, mwanangu. Ndiye kuti agwira. Katoni ndi yotola, ndipanga ina."

Tinakhala nthawi yaitali pa zilembo za mchenga. Amadula katoni kukula kwake ngati chikhatho cha munthu wamkulu, n'kulembapo chilembo ndi pensulo. Kenaka amatsata mzerewo ndi guluu wophika yekha: ufa wa chinangwa pang'ono m'madzi ozizira, kuvundula pamoto mpaka ulimbe ndi kuwala, n'kuthira kamchere kuti usasase msanga. Guluu asanaume amawazapo mchenga wa kumtsinje wosefa, n'kugwedeza katoniyo kuti wotsala ugwe. Ikauma padzuwa, mwana amayendetsa chala pa chilembocho akutchula liwu lake. Tinaona kamtsikana kena katatsinzina, kakutsata "m" ndi chala, milomo ikunjenjemera ndi liwulo, kosasamala n'komwe kuti m'kalasi mwadzaza alendo.

Zina ndingozitchula mothamanga. Zitsononkho zovekedwa tizidutswa ta chitenje topempha kwa telala ndiwo ana a zidole. Zivindikiro za mabotolo zoboola pakati n'kutunga pa chingwe ndizo zowerengera. Utoto wakuda ndi makala osinja, wofiira ndi katondo, woyera ndi phulusa losefa, ndipo burashi ndi kamtengo kophwanya kunsonga. Pakhomo pali misomali yokhoma pa thabwa, uliwonse ndi chithunzi chake, kaya nkhuku, nsomba kapena khasu, kuti mwana amene sanadziwe kuwerenga dzina lake adziwe popachika kachikwama ndi kapu yake.

Koma chimene tinapitira kwenikweni tinachipeza kuseri kwa chitseko. Pali thumba la ufa lotumbula, ndipo pamenepo analembapo miyezi yonse ya chaka. Ndimayesa ndi sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa, koma ayi: pamwezi uliwonse analemba chimene chiyenera kutoledwa. Meyi ndi Juni, anthu akamatonola chimanga, ndi nthawi ya zitsononkho, makoko, mapesi ndi makoko a nshawa. Chilimwe chikalowa ndi nthanga za malambe ndi za bwemba, ndiponso mchenga mitsinje itaphwa. Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndiyo nthawi youmba dongo ndi kumata zonse zofuna guluu. Disembala ndi makatoni, popeza masitolo amataya ambiri nthawi ya Khirisimasi.

Chifukwa chake n'chapafupi, koma ambirife sitichiganizira. Temu yoyamba yonse imagwera m'dzinja. Katoni yomata mu Febuluwale siuma, imachita nkhungu. Chitsononkho mu Januwale mudzachipeza kuti, poti zonse zinalowa pamoto kalekale? Choncho zipangizo za Januwale zimapangidwa mu Okutobala. Ife timathera tchuthi cha Disembala tikulemba sikimu yokongola yonena kuti ana adzawerengera nthanga, osadzifunsa kuti nthangazo zili kuti. Kwa ine, thumba la kuseri kwa chitsekolo ndilo linalipira mafuta a minibasi.

Mitu ya maphunziro nayonso anaiyendetsa ndi zochitika za kuno kwathu. Mu Febuluwale ana amapanga zishango za katoni, popeza aliyense amakhala akukamba za Nc'wala. Temu yachitatu ikatsegulidwa amafotokoza zimene anaona ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, n'kupanga maseche a tizitini. Apa amayiwo anatichenjeza mwamphamvu kuti tisayerekeze kupangitsa ana zigoba za Gule Wamkulu ngati zoseweretsa, chifukwa mlandu wake ungafike kwa amfumu. Pofika pa 24 Okutobala amamata mbendera, ndipo ndi pamenepo ana amagwirira mitundu inayi ija, wobiriwira, wofiira, wakuda ndi wa lalanje, ndi nkhwazi pamwamba.

Za masabata oyamba a Januwale anati iwo sakhudza chilembo n'chimodzi chomwe. Ntchito imakhala kuzoloweretsa ana kusiyana ndi amayi awo, kupempha kuchimbudzi, kudziwa msomali wawo ndi kusamba m'manja. Panja pali chigubu chopachika pamtengo, chopondera ndi phazi kuti madzi atuluke, ndi sopo womangirira pachingwe. Tonse tinakumbukira 2024, pamene kolera inachititsa kuti sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale zitsegulidwe pa 12 Febuluwale. Kalembera amamuyamba temu yachitatu isanatseke, kholo libwere ndi kadi la kusikelo kuti zaka za mwana zioneke, apo ayi mudzalandira ndi oyamwa omwe. Pamsonkhano womwewo makolo amauzidwa chimene aliyense adzabweretse.

Titadya nsima ya chibwabwa chotendera ndi nyemba, panabuka mkangano. Anzathu a sukulu zolipira za m'tauni anati zonsezi n'zabwino kumudzi, koma kholo limene lalipira limafuna kuona kope lodzaza ndi homuweki, ndipo mwana akabwerera yunifolomu ili dongo lokhalokha, mawa lake kholo lili pakhomo la ofesi. Ena anayankha kuti mwana wosadziwa kugwira bwino kamtengo n'kumukakamiza pensulo amangodana nayo. Sitinagwirizane. Ine ndili mbali ya dongo, ngakhale ndikuvomera kuti amene amalandira malipiro kuchokera m'thumba la makolo sangalankhule momasuka ngati ife a boma. Mnzathu wina anapereka nzeru yoti tsiku loumba ana azivala malaya akale a kunyumba pamwamba pa yunifolomu, ndipo zimene aumba azipita nazo kwawo kuti makolo aone.

Pa za chitetezo panalibe wotsutsa. Nthanga zing'onozing'ono ana amazilowetsa m'mphuno ndi m'makutu, choncho kwa a zaka zitatu zizikhala zotunga pa chingwe cholimba. Nsatsi zisalowe m'kalasi, ndi poizoni. Zivindikiro za chitsulo zodzimbirira ndi matumba amene munali mankhwala a kumunda tizisiya komweko.

Pobwerera tinapangana kuti aliyense alembe kalendala yake ya zotola, ayibweretse pamsonkhano wa zoni wotsatira, ndiponso kuti tikumane Loweruka lina sukulu zisanatsegulidwe tidule makatoni pamodzi. Anzathu a ku Katete adzabwera kuno temu yachiwiri, misewu ikauma. Nkhani imene yatsala ndi ya kosungira. Guluu wa chinangwa makoswe ndi mphemvu zimamukonda, ndipo chiswe sichisiya katoni yotsamira khoma. Anzathuwo amasunga zawo m'zidebe zotseka ndi m'matumba opachika kudenga, koma ena mwa ife timabwerekana kalasi ndi Grade 2 masana, ndipo chitseko chilibe loko. Amene muli ndi zidebe za malita 20 zokhala ndi zivindikiro, muuze mlembi wa gulu msonkhano usanafike.