Ulendo wathu wa ku British Museum ndi mkangano wa ankolo ndi alamu

Inu amene munatsala ku Leicester Loweruka lija, musamvere za m'maluwa. Ine mlembi wanu ndinalipo kuyambira ponyamuka mpaka pobwerera, ndipo ndalemba kuti nkhaniyi isamasinthe nthawi iliyonse tikakumana pa chipereganyu.

Tinapangana 7 koloko m'mawa, koma basi inanyamuka 8 itadutsa chifukwa amayi a tcheya anakanitsitsa kukwera mandasi asanafike. Tinalipo 23, ana 7. Pa msewu waukulu wa M1, cha ku Luton, adalaivala anaponda mabuleki mwadzidzidzi ndipo poto wa nkhuku ya achemwali a kwaya anapendekeka. Msuzi unayenderera pansi pa mipando mpaka unapeza nsapato zoyera za a msungichuma, zomwe anagulira ulendo womwewu. Achemwali anagwetsa misozi, poti anadzuka 4 koloko kuphika. Atsikana athu awiri anagwada n'kupukuta ndi chitenje osatumidwa ndi munthu, ndipo a msungichuma anati nsapato amachapa, chachikulu n'choti nthuli zapulumuka. Dzina la "Bambo Msuzi" linabadwira pamenepo, ndipo eni ake alivomera.

Polowa mu British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku London, salipiritsa. Aphunzitsi athu anatitsogolera ku Room 33, kumene kuli zinthu zakale za ku China ndi kumwera kwa Asia, n'kutiimika pa galasi lina. M'katimo munali tizidindo tamwala, tochepa kuposa bokosi la machesi. Nditawerama ndinaona kanyama kooneka ngati ng'ombe koma ka nyanga imodzi, makwinya a pakhosi ojambulidwa bwinobwino, pamwamba pake tizilembo tochepa tondandalikana. Ndinadabwa kuti dzanja la munthu linagoba zimenezi zaka zoposa 4,000 zapitazo.

Za maphunziro, aphunzitsi anati anthu a m'chigwa cha mtsinje wa Indus, amene anagoba tizidindoto, anamanga mizinda yawo ikuluikulu pakati pa zaka za 2600 ndi 1900 Yesu asanabadwe. Ankamanga ndi njerwa zootcha za muyezo wofanana, misewu yowongoka, zitsime, ndi ngalande zovundikira zotulutsa madzi oipa m'nyumba. Ku Harappa, umodzi mwa mizindayo, omanga njanji ya pakati pa Lahore ndi Multan anatuta njerwazo n'kuziyala pansi pa njanji osadziwa chomwe akuphwasula. Daya Ram Sahni anayamba kukumba kumeneko mu 1921, R. D. Banerji anatulukira mzinda wina wa Mohenjo-daro mu 1922, ndipo John Marshall analengeza kudziko mu 1924. Zilembo zija mpaka lero palibe amene waziwerenga.

Apa m'pamene moto unabuka. Ankolo athu a ku Limbe, amene agogo awo anachokera ku Gujarat ndipo Chichewa amachithyola kuposa ana athu, anagwira mdzukulu wawo paphewa n'kunena kuti, "Ukuona? Izi n'zakwathu ku India." Alamu athu, amuna awo a anamwino, kwawo ndi ku Sindh, m'dziko la Pakistan. Atamasuliridwa mawuwo sanayankhe msanga. Anatulutsa kachikwama, n'kusolola ndalama yapepala ya 20 rupee ya ku Pakistan yomwe amayenda nayo, yofewa chifukwa chopindapinda. Kumbuyo kwake kuli chithunzi cha mabwinja a Mohenjo-daro. Anati mzindawo uli m'boma la Larkana, Harappa ali ku Punjab ya Pakistan, ndipo iwo anapondako ali mwana wasukulu.

Ankolo sanagonje. Anati, "Alamu, nanga mabwinja a Lothal ndi Dholavira ali kuti? Si ku Gujarat kwa agogo anga? Rakhigarhi si ali ku Haryana? Ndipo pomwe ankakumba munalibe Pakistan, dziko lonselo linkatchedwa India." Alamu anabweza kuti dzina lenilenilo la India linachokera ku mtsinje wa Indus, womwe mbali yake yaikulu imadutsa kwawo. Kenaka anatchula kafano kamkuwa ka mtsikana woimirira dzanja lili m'chiuno, kosapitirira masentimita 11, komwe kanapezeka ku Mohenjo-daro koma kali ku National Museum ya ku New Delhi. Mawu anakwera mpaka mlonda anatiyang'ana, ndipo anamwino, amene ankamasulira mbali zonse ziwiri, anati atopa, ayambe adya kaye.

Tinayala zitenje pa kapinga ku Russell Square. Panali mpunga wa Kilombero, nkhuku yopulumuka ija, mandasi, samusa za ankolo ndi biriyani ya alamu. Awiriwo anakhala motalikirana, aliyense akudya zake. Ndi agogo athu a ku Mchinji amene anawasendeza. Anayamba ngati akucheza ndi ana, kufotokoza momwe ankapitira ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Kenaka anatembenuka n'kufunsa, "Ana anga, Gule Wamkulu ndi wa boma liti? Malire anapeza gule akuvinidwa kale." Ankolo anaseka, alamu atamasuliridwa anagwedeza mutu.

Aphunzitsi anawonjezera nkhani yomwe inatizizira nkhongono tonse. Dziko litagawidwa mu 1947, akuluakulu anagawananso zinthu zokumbidwa ku Mohenjo-daro, ndipo mikanda ina anaimasula pa ulusi n'kuigawa pakati, theka ku India, theka ku Pakistan. Amayi a tcheya anagwira mkanda wawo wa m'khosi osalankhula kanthu. Ine zinandipweteka kwambiri. Munthu anakhala pansi kuboola miyala yolimba ija umodziumodzi kuti mkanda ukhale wathunthu pakhosi pa wina, ndipo sankadziwa India kapena Pakistan. Kwa ine onse awiri ali ndi gawo: alamu akusunga nthaka ndi mabwinja aakulu, ankolo nawo ali ndi mizinda yambiri ya anthu omwewo kwawo. Amene sindingamuvomere ndi wonena kuti mnzakeyo alibe gawo.

Mwana wa a msungichuma, wa zaka 9, anafunsa kuti ngati n'za ankolo ndi alamu, bwanji zili ku London. Pa funso limeneli awiriwo anagwirizana koyamba tsiku lonse, ndipo ankolo anatambasula mbale kupempha biriyani. Pobwerera anakhala mpando umodzi, ankolo akuphunzitsa alamu kunena "ndakhuta" ndi "pepani".

Zikomo amayi a tcheya potisonkhanitsa, ndi aphunzitsi pokonzekera usiku wonse. Zikomo achemwali a kwaya, nkhuku inakoma ngakhale msuzi unatsala pa M1. Anamwino, Mulungu akudalitseni pa ntchito yomasulira. Agogo, mukhalitse. Atsikana awiri aja, makolo anu anyadire. Bambo Msuzi akukumbutsa kuti atatu sanamalize ndalama ya basi, ndipo chivundikiro cha poto wabuluu chili kwa ine.