Zikomo nonse, achimwene afika ku Lizulu akuyenda okha

Loweruka lapitali tinakachingamira achimwene pa boda ya Dedza. Anatsika basi atagwira ndodo, koma anatsika okha popanda wowanyamula. Mayi anangokhala pafumbi pomwepo n'kuyamba kulira. Miyezi inayi yapitayo, atadwala sitiroko ku Johannesburg, tinkaganiza kuti tidzalandira bokosi. Oti ndiwathokoze ndi ambiri, sindingafike pakhomo pa aliyense, ndiye ndati ndilembe pano.

Ndiyambe ndi inu mnzawo wa achimwene amene munkakhala nawo chipinda chimodzi ku Johannesburg. Dzina sinditchula poti munandiletsa. Madzulo aja mukudya nsima, achimwene anayamba kudandaula chizungulire, kusanza, kuona zitseko ziwiri pomwe chilipo chimodzi, lilime litalemera. Anzanu ena anati ndi mowa, agone, kukacha adzuka bwino. Inu munakana, poti mukudziwa kuti munthuyu mowa salawa n'komwe. Munachita hayala galimoto ndi ndalama yanu ya lendi. Adokotala atafunsa kuti zayamba nthawi yanji, munayankha mosakayika kuti 8 koloko itangokwana. Nthawi imeneyo simunadziwe kuti yankho limenelo ndi limene linatsegula njira ya mankhwala.

Kwa adokotala ndi anamwino a kumeneko, mawu akundichepera. Adokotala achizimayi aja anandifotokozera pa foni mofatsa, mnzawo wa achimwene uja akumasulira. Anati magazi oundana atseka mtsempha wotchedwa basilar, umene uli kumbuyo kwa mutu, pamene mitsempha iwiri yokwera m'khosi imakumana. Mtsemphawu ndi umene umadyetsa tsinde la ubongo, mbali yoyendetsa kupuma, kumeza komanso kukhala maso. Ukatsekeka osatsegulidwa, ambiri sapulumuka, ndipo ena amatsala akumva zonse koma akungoyendetsa maso okha. Ife kuno sitiroko timaidziwira kupindika kwa kamwa ndi kufa kwa mkono. Iyi imatha kubwera ngati malungo kapena kuledzera, n'chifukwa chake anthu amachedwa nayo.

Mankhwala ake ndi alteplase, osungunula magazi oundanawo, ndipo amalowa pa dilipi kwa ola limodzi. Koma sangoperekedwa chisawawa. Lamulo lake ndi lakuti ayambe maola anayi ndi theka asanathe chiyambire zizindikiro. Amayamba ajambula mutu ndi makina a CT kuti aone ngati mu ubongo simukuchucha magazi, chifukwa ngati mukuchucha, mankhwalawa akhoza kumumaliza munthu. BP nayo iyenera kukhala pansi pa 185/110. Ya achimwene inali itapyola 200, anachita kuyamba aitsitsa kaye. Kenaka anandiuza chilungamo, kuti mankhwala omwewa amatha kuyambitsa kuchucha kwa magazi mu ubongo mwa anthu ena, n'kundifunsa ngati banja likuvomera. Ndinali panja pa nyumba mumdima, kukuzizira mmene kumazizirira kuno ku Ntcheu mu Juni, mayunitsi atatsala pang'ono kutha. Ndinavomera ndikunjenjemera, mayi osawauza. Tsiku lachitatu achimwene anatchula dzina langa pa foni, movutikira koma lomveka.

Amalawi anzathu a pa gulu la WhatsApp ku Joni amene munkasinthana kukawaona ndi kuwasambitsa, zikomo. Amayi a Mvano amene munkabwera kudzakhala ndi mayi, anzanga a banki m'khonde amene munandidikira ngongole miyezi iwiri osandichititsa manyazi, ndi anzanga ogulitsa kachewere pamsika amene munasonkha ya basi, Mulungu abwezere pomwe munachotsapo. A mafizo amene munawaphunzitsanso kumeza ndi kuponda, ntchito yanu taiona ndi maso pa boda paja.

Chimodzi chokha chikundiwawabe. Achimwene anali atasiya kumwa mankhwala a BP kwa chaka chathunthu ati poti akupeza bwino. Tsopano mapilisi ndikusunga ndine, ndipo ndikuwerenga ndekha m'mawa uliwonse, kaya akwiye.

Mwendo wamanzere ukukokabe, ndipo akatopa mawu amalemera. Ofuna kudzawaona bwerani masana, chifukwa m'mawa amakhala akuchita mafizo. Kanyenya wa pamsika uja musawabweretsere ngakhale akupempheni chotani, mchere awaletsa.