Kodi kumwambaku kumathera pati?

Dzulo usiku magetsi atathima tinakhala pakhonde ndi mwana wa achemwali anga, nyenyezi zili waliwali, mlalang'amba ukuoneka bwinobwino ngati utsi woyera wodutsa pakati pa thambo. Kenako mwana uja anandifunsa, amalume kodi kumwambaku kumathera pati? Funsoli landikhala mumtima mpaka pano.

Asayansi akamati universe amatanthauza chilengedwe chonse, yani dziko lathuli, dzuwa, nyenyezi, milalang'amba yonse (magulu akuluakulu a nyenyezi), kuwala, malo opanda kanthu ali pakatipo komanso nthawi yomwe. Apa pa nthawi ndi pamene pamandizunguza mutu kwambiri, chifukwa iwo amati malo ndi nthawi zinayambira limodzi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo pa chomwe amachitcha Big Bang, ndiye kufunsa kuti kunja kwake kuli chani kumavuta poti "kunja" nakonso ndi malo, ndipo malo onse ali mkati momwemo.

Mwana uja ndinamuuza kuti kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi koma kuchoka padzuwa kufika kuno kumatenga mphindi 8. Mlalang'amba wa Andromeda womwe umaoneka ndi maso kukakhala mdima, kuwala kwake kunanyamuka zaka 2.5 miliyoni zapitazo, tangoganizani abale!

Mu 1929 wasayansi wa zakuthambo Edwin Hubble anaonetsa kuti milalang'amba yakutali ikutithawa, yakutali kwambiri ndiye ikuthawa mwachangu zedi, kusonyeza kuti chilengedwechi chikufutukuka. Mwana uja anangoti phee maso ali kumwamba mpaka amayi ake anamuitana kuti akagone.